Katsache pa Dzina la Nkhono

Mlandu wa Nkhono unafika pa tebulo la Sajeni utapsa kale, wongofunika kuphula. Anzake a pa siteshoni anali atagwira munthu n'kumutsekera, ndipo bwana wa siteshoni anangouza mayi Sajeniyo kuti akatole mawu a mboni ziwiri zitatu kuti fayilo inenepeko isanapite kukhoti. Koma Sajeni anali atakalambira mu yunifomu, ndipo ankadziwa kuti chopsa msanga kawirikawiri m'kati chimakhala chachiwisi.

Nkhani yake inali yotere. Kampani ina yogulitsa mankhwala ku zipatala zing'onozing'ono inali ndi nyumba yosungiramo katundu, ndipo pamwamba pake panali chipinda cha anthu olemba pulogalamu ya kompyuta yoyendetsera katunduyo. Pulogalamuyo inali ndi chotchinga. Katoni ya mankhwala otha nthawi ikafika pakhomo lotulukira, kompyuta inkakana kutulutsa chiphaso, ndipo popanda chiphaso galimoto sinkanyamuka. Wina anachotsa chotchingacho. Mankhwala a mphumu amene ankayenera kuwotchedwa anamatidwa mapepala atsopano n'kugulitsidwa. Mwana wamkazi wa telala wina atabanika, anamupopera mankhwalawo mobwerezabwereza, koma zinali ngati akumupopera mpweya wamba. Anamwalira ali pamiyendo pa mayi ake, pa benchi ya chipatala.

Woyang'anira nyumba ya katundu anazimiririka maliro asanaikidwe. Kampani inapereka ku polisi dzina limodzi lokha, la bambo wolemba pulogalamu amene inamuchotsa ntchito kumayambiriro kwa nyengo yozizira. Anzake ankamutcha Nkhono chifukwa chochedwa pa ntchito. Ankati anachotsa chotchingacho pa mlungu wake womaliza, pofuna kubwezera.

Sajeni anamupeza mu kachipinda kofunsiramo anthu, atakhala mowerama, magalasi ake atamangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Ankalankhula monga mwa dzina lake, liwu lililonse kuliyang'ana kaye pansi ndi pamwamba asanalitulutse. Ananena kuti sanachite, koma sakanakana kuti dzina limene lili pa komiti yochotsa chotchingacho ndi lake. Sajeni anafunsa kuti komiti imeneyo wapampando wake anali ndani. Nkhono anamwetulira pang'ono, n'kunena kuti si komiti ya anthu.

Anafotokoza kuti munthu ukasintha kanthu mu pulogalamu, umasunga kusinthako pamodzi ndi kauthenga konena chimene wachita, ndipo kompyuta imaikapo dzina lako ndi tsiku. Kusunga kumeneko ndiko amati kukomita. Makomiti onse amandandalikana, akale pansi atsopano pamwamba, ndipo mndandandawo ndiwo mbiri ya pulogalamu. Mkulu wa chipinda chawo, amene ankamutcha Hedi chifukwa chokonda malamulo ngati mphunzitsi wamkulu, anaika lamulo loti uthenga uliwonse uziyamba ndi emoji, tizithunzi timene anthu amatumizirana pa foni. Wokonza cholakwika ankaika kachilombo, wowonjezera chatsopano tinyenyezi, wolemba malongosoledwe kabuku. Kotero munthu ankatha kuyendetsa maso pa mbiri yonse n'kudziwa zochitika asanawerenge mawu.

"Amene anandigwira sanandionetse, mayi," anatero Nkhono. "Pa komiti imeneyo pali kathunzi kotani?"

Sajeni anatsegula fayilo n'kutulutsa pepala limene kampani inasindikiza. Dzina linalipo, tsiku linalipo, uthenga unali woti kuchotsa zosafunika. Koma kumayambiriro kwake, pamalo pa kathunzi, makina osindikizira anangoikapo kabokosi kopanda kanthu.

Nkhono anakayang'ana kabokosiko nthawi yaitali, kenako anabweza pepalalo.

*

Sajeni akanatha kuimba foni n'kufunsa, koma kandimverere adakanena za m'maluwa. Anakwera yekha masitepe achitsulo a kuseri kwa nyumba ya katundu, mawondo akumukumbutsa zaka zake. Pakhomo pa chipinda cha olemba pulogalamu panali kabokosi kamatabwa, ndipo Hedi mwiniwake, bambo wamtali wovala malaya oyera omangidwa mabatani mpaka pakhosi, anamupempha mwaulemu kuti asiyemo foni. Anati ndi lamulo la kampani, ngakhale mwinikampani amatero. Sajeni anasiya foniyo, poganiza kuti mlendo salowa ndi mkangano.

Chipindacho chinali chozizira, chonunkha khofi wotsala m'makapu. Mawaya anali atamangidwa bwinobwino m'mphepete mwa matebulo, ndipo pa tebulo limodzi la pakona panalibe kanthu kupatula fumbi ndi chizindikiro cha pamene laputopu inkakhala.

Hedi sankayankha funso, ankaphunzitsa. Ananena kuti iye asanabwere mbiri ya pulogalamu inali dzala, anthu ankalemba uthenga woti zinthu, kapena woti ndayesanso, kapena kadontho kokha. Iye ndiye anabweretsa dongosolo. Ananena kuti Nkhono anali ndi mutu koma analibe liwiro, ndipo pa tsiku lomuchotsa ntchito anatuluka osatsanzika aliyense, chimene kwa iye chinali chizindikiro cha mtima wosunga zinthu. Pa mlungu umenewo iye Hedi anali ku maphunziro kutali, ndipo anali ndi satifiketi yotsimikiza. Anaitulutsa mu dirowa asanafunsidwe.

Sajeni anapempha kuona komitiyo pa kompyuta, osati pa pepala. Hedi anaitsegula, n'kuloza ndi cholembera osakhudza galasi. Kumayambiriro kwa uthengawo kunali katsache.

"Tsache ndi la kuchotsa," anatero Hedi. "Kusesa zimene sizikugwiranso ntchito. Anabisa upandu wake m'chovala cha ukhondo."

Sajeni anamuuza kuti atsitse mndandandawo pang'onopang'ono. Iye sankadziwa za mapulogalamu, koma ankadziwa kuyang'ana mzere wa anthu n'kuona amene waima mosiyana. Tizilombo tinadutsa, tinyenyezi, timabuku. Paliponse pamene uthenga unkanena za kuchotsa kanthu panali kathunzi ka moto. Nkhono akachotsa ankaika moto, anzake akachotsa ankaika moto, Hedi yemwe ankaika moto. M'milungu yonse yozungulira tsikulo, katsache kanali kamodzi kokha.

Anafunsa chifukwa chake. Hedi anati anthu nthawi zina amasankha mwa kufuna kwawo. Sajeni anamukumbutsa kuti mphindi zapitazo ankanena kuti m'chipinda chake palibe wochita mwa kufuna kwake. Hedi anakonza kolala ya malaya imene sinapindike, n'kunena kuti ali ndi msonkhano.

Potuluka, Sajeni anaona kuti mayi wina wa tebulo la pafupi ndi zenera wasiya kulemba, ndipo akumuyang'ana kudzera pagalasi la zeneralo osatembenuka.

*

Mayiyo anamupeza pansi pa masitepe, pafupi ndi migolo ya zinyalala, atanyamula kapu ya tiyi ngati wangotsika kudzaothera dzuwa. Ntchito yake inali yoyesa pulogalamu, kufufuza zolakwika za anzake, ndipo ankamutcha Tsabola. Sajeni anamvetsa chifukwa chake mayiyo asanamalize chiganizo choyamba. Ananena kuti apolisi akanakhala oyesa mapulogalamu, ndege zikanagwa tsiku lililonse.

Kenako anatsitsa mawu. Anati katsache kanali ganizo lake. Nkhono atachoka, nyengo yozizira ili pakati, soketi ina ya magetsi inapsa m'nyumba ya katundu ndipo makatoni angapo ananyeka. Mwinikampani anakwera kumtunda ali wolusa, anaona timoto tili mbwee pa kompyuta ya Hedi, n'kunena kuti safuna kuona moto m'nyumba mwake ngakhale wa pa chithunzi. Anthu anaseka chamumtima, koma Hedi anaitanitsa msonkhano weniweni wosankha kathunzi kena, ndipo Tsabola anati aike tsache poti onse m'chipindamo anali akapolo osesa. Hedi sanamve nthabwalayo, analandira tsachelo n'kulisandutsa lamulo.

Sajeni anafunsa ngati Nkhono akanatha kulidziwa tsachelo asanachoke. Tsabola anati pokhapokha ngati anali mlosi, ndipo akanakhala mlosi akanalosera kaye zoti amuchotsa ntchito.

Ndiye kuti komitiyo inalembedwa Nkhono atapita kale, n'kupatsidwa tsiku lakale ndi dzina lake. Tsabola anavomera kuti zimenezo n'zotheka, dzina ndi tsiku munthu angathe kulemba zimene akufuna. Chovuta n'kuilowetsa pakati pa mbiri yakale pa seva, kompyuta yaikulu yosunga ntchito ya onse. Zimenezo zimafuna kiyi, mawu achinsinsi amene anali ndi anthu awiri okha, Hedi ndi mwinikampani. Ndipo mwinikampani, anatero Tsabola, kompyuta amaiyatsa ndi pemphero.

Tsabola anakumbukiranso m'mawa wina pamene Hedi anawauza onse kuti seva yasokonezeka, afafanize zimene anali nazo pa malaputopu n'kukoperanso mbiri yonse mwatsopano. Palibe anafunsa. Chala cha Hedi chinali chitazolowera tsache moti ngakhale ponama sichikanatha kuphwanya lamulo lake lomwe.

Sajeni anamuuza kuti mawu amenewa akufunika kukanenedwa ku siteshoni. Nkhope ya Tsabola inasintha ngati wina wazimitsa getsi.

"Ine sindinakuuzeni kanthu, a Sajeni. Ndimamwa tiyi."

"Munthu ali m'chitokosi, mchemwali. Mwana anafa."

"Ndikudziwa. Amayi anga amatsukidwa magazi kawiri pa mlungu, ndipo khadi ya chipatala ndi ya kampani ino. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Inu mukaponya mwala, mkhate wosweka ndi wanga."

Anakhuthulira tiyi wotsala pansi n'kukwera masitepe. Ali pakati anaima, ndipo Sajeni anayembekezera kuti abwerera. Koma ankangopumira.

*

Ofesi ya mwinikampani inali kutsogolo, yokhala ndi kapeti wofewa ndi nsomba zosambira m'galasi. Bamboyo anali wonenepa bwino, wa mawu otsetsereka ngati mafuta. Anadzuka n'kumulandira Sajeni ndi manja awiri, akumutcha mlongo wake. Ananena kuti imfa ya mwanayo inamusowetsa tulo, kuti anatumiza nkhata ya maluwa ku maliro, kuti iye ndi munthu wa malonda chabe ndipo za kumtunda kuja amazisiyira ana ophunzira. Woyang'anira katundu amene anathawa anali munthu amene iye anamutola kuchokera pansi, ndipo tsopano anaona kuti kuchitira munthu zabwino n'kudzisulira mpeni.

Sajeni anafunsa za moto wa soketi. Mwinikampani anaukumbukira bwino, mpaka anaseka pokumbukira mmene anakalipira za tizithunzi. Anati munthu ukakalamba umaopa zinthu zachabe. Sajeni anafunsa ngati motowo unachitika Nkhono atachoka kapena asanachoke. Kuseka kuja kunachepa pang'onopang'ono ngati mpopi ukutsekedwa. Anati masiku amamusokonekera.

Sajeni anafunsanso kuti mankhwala otha nthawi akawotchedwa amaluza ndani, ndipo akagulitsidwa amapindula ndani. Bamboyo anawaza chakudya cha nsomba pamadzi n'kuziyang'ana zikulimbirana. Anati funso limenelo ndi labwino, ndipo n'zosangalatsa kuona kuti polisi ili ndi amayi anzeru chotere.

Pomuperekeza pakhomo anamugwira pachigongono mofatsa.

"Mukawapatse moni alamu anga," anatero. "Bwana wanu uja anakwatira kwathu, kapena sanakuuzeni? Amachita manyazi ndi abale osauka."

*

Bwana wa siteshoni anamvetsera nkhani yonse akusenda lalanje ndi chikhadabo. Sajeni atamaliza, bwanayo anafunsa ngati akufuna kuti iye akaime pamaso pa woweruza n'kunena kuti munthu amasulidwe chifukwa cha katsache ka pa foni. Anaitana wapolisi wina amene ankadutsa pakhonde kuti adzamve nawo, ndipo onse awiri anaseka mpaka kupukuta misozi. Wapolisiyo anati mawa agwira kachilombo n'kukatsekera.

Sajeni anadikira kuti kuseka kuthe. Anapempha chilolezo chokatenga seva ndi malaputopu tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. Bwanayo anati zoterozo sizichitika mothamanga, kampani ndi ya anthu olemekezeka ndipo zipatala zikudalira pulogalamuyo. Anafunsa ngati ali ndi chithunzi cha zimene waonazo. Sajeni anakumbukira kabokosi kamatabwa ka pakhomo paja, mmene anasiyamo foni. Bwanayo anafunsanso ngati ali ndi mboni. Sajeni anaganiza za mayi wogona pa bedi la chipatala, mapaipi ali pamkono, ndipo anati pakadali pano alibe.

Chilolezo chinatuluka ndithu, koma mlungu utatha. Bwanayo anachipereka yekha ndi nkhope yokoma, n'kumupatsanso katswiri wa makompyuta wa polisi kuti apite naye, kuti pasadzakhale wonena kuti iye anatchinga njira.

Ulendo uno Sajeni sanasiye foni pakhomo, ndipo Hedi sanamupemphe. Chipinda chinkanunkha pulasitiki watsopano. Pa tebulo lililonse panali laputopu yonyezimira, ndipo makatoni ake anali ataunjikidwa pakona. Hedi anati kampani inaganiza zosintha zipangizo, zakale zinafafanizidwa n'kuperekedwa kwa ogula zitsulo. Pa tebulo la pafupi ndi zenera panali munthu wina wachilendo. Tsabola, anatero Hedi, anapempha tchuthi kuti akasamalire mayi ake, ndipo kampani inamuchitira chifundo n'kuwasamutsira amayiwo ku chipatala chabwino cha kutali.

Katswiri anakhala pansi n'kutsegula mbiri ya pulogalamu. Sajeni anaima kumbuyo kwake, foni ili m'manja. Komiti ija inalipo, dzina la Nkhono lili pomwepo, katsache kali pomwepo. Anamuuza kuti atsitse.

Pansi pake panali katsache kena. Pansi pa kameneko, kenanso. Paliponse pamene uthenga unkanena za kuchotsa kanthu, kuyambira pamwamba mpaka pa komiti yoyamba ya chaka chimene kampani inayamba, panali tsache. Moto unalibe ndi umodzi womwe.

Katswiri anatembenuka n'kumuyang'ana mwachisoni, monga mmene munthu amayang'anira azakhali ake akasokoneza mayina a ana. Anati iye sakuona chachilendo, mbiriyo ndi yaudongo kuposa zambiri zimene anaonapo. Sajeni anafunsa ngati pali njira yodziwira kuti yalembedwanso. Katswiri anati ilipo, ngati pangapezeke kope lakale loyerekezera nalo. Anafunsa Hedi ngati seva imasunga zakale, ndipo Hedi anati seva nayonso ndi yatsopano.

*

Sajeni anamudikira Hedi pa masitepe nthawi ya nkhomaliro. Hedi anatuluka ndi kabokosi kake ka chakudya, ndipo atamuona sanabwerere. Pafupi, Sajeni anaona kuti bamboyo waonda pa mlungu umodziwo, kolala ikumuzungulira khosi momasuka, ndipo m'mphepete mwa zikhadabo munali magazi ouma.

Sanamuopseze. Anangomuuza za mayi telala uja, kuti makina ake osokera akadali ndi diresi la mwanayo limene ankalipinda m'munsi, singano ili chilowere mu nsalu, ndipo mayiyo sakulola aliyense kulichotsa. Anamuuzanso kuti mkazi wa Nkhono amabwera pa siteshoni tsiku lililonse n'kukhala pa khonde mpaka amuthamangitse.

Hedi anamvetsera akuyang'ana chivindikiro cha kabokosi kake. Kenako ananena kuti tizithunzi anatisintha pofuna kuti mbiri ifanane, chifukwa lamulo likasintha liyenera kusintha paliponse, ndipo zimenezo si mlandu. Anati pa tsiku lolembedwa pa komitiyo iye anali ku maphunziro, satifiketi ilipo. Sajeni anati tsikulo ndi labodza ndipo onse awiri akudziwa. Hedi anati tsiku limene lili pa seva ndi limenelo, lina palibe.

"Munagona bwanji mutamaliza?" anafunsa Sajeni.

"Ndili ndi ana atatu, mayi," anatero Hedi, mawu ake atauma. "Inu mukuganiza kuti ine ndikalowa m'chitokosi, Nkhono atuluka? Tikakhalamo awiri. Wachitatu azidyetsa nsomba zake."

Anatsika masitepe n'kukakhala pa khoma lalifupi kuseri kwa magalimoto. Sajeni anamuyang'ana kwa kanthawi. Bamboyo anatsegula kabokosiko, anayang'anamo, n'kukatsekanso.

*

Foni ya Tsabola inkalira osayankhidwa, kenako inasiya n'kulira komwe. Sajeni anapita kwa wogula zitsulo amene anatenga malaputopu akale, n'kupeza mulu wa zigoba zopanda matumbo, mwiniwake akunena kuti zam'kati anagulitsa kalekale kwa anthu amene sawadziwa. Anafunsa olemba pulogalamu enawo mmodzimmodzi. Woyamba anati sakumbukira kathunzi ka moto. Wachiwiri anati iye amangoika chimene wauzidwa, sayang'ana. Wachitatu anafunsa ngati ayenera kuitana loya, ndipo atauzidwa kuti ayi, anati ndiye alibe chonena.

Woimira boma pa milandu anamulandira ali chiimire, jekete lili kale paphewa. Anati nkhani ya tizithunzi ndi yosangalatsa, koma iye ali ndi dzina, tsiku, chifukwa chobwezera, ndi lipoti la katswiri wa polisi yemweyo lonena kuti mbiri ili bwino. Mbali inayo kuli maso a Sajeni okha. Anthu akufuna kuona wina akulangidwa chifukwa cha mwanayo, ndipo wina alipo.

Atabwerera ku siteshoni anapeza fayilo yachotsedwa pa tebulo lake. M'malo mwake panali ina, ya mbuzi zobedwa.

Analowabe kukamuona Nkhono, tsiku loti mawa lake amutumiza ku ndende kukadikira mlandu. Anamuuza zonse mosabisa, za katsache, za moto wa soketi, za malaputopu atsopano. Sanatchule Tsabola, koma Nkhono anafunsa yekha ngati amayi a Tsabola akupeza bwino, ndipo Sajeni anangogwedeza mutu.

Nkhono anasisita ulusi wa magalasi ake. Kenako ananena kuti chotchinga chija anachilemba ndi iyeyo. Chinamutengera nthawi yaitali kuposa imene anapatsidwa, chifukwa ankayesa njira iliyonse imene munthu angachizembere, ndipo kuchedwa kumeneko n'kumene kunayambitsa dzina lake. Njira imodzi yokha ndi imene sanaiganizire, yoti eni ake angachichotse.

Ananenanso kuti loya amene boma linamupatsa kuti amuimire anabwera m'mawa, ndipo anamulangiza kuti akavomera zaka zichepa. Sajeni anamuuza kuti asavomere chimene sanachite. Nkhono anamufunsa, mosanyoza, ngati ali ndi china choti amupatse m'malo mwake.

"Musadandaule, mayi," anatero Nkhono. "Inu mwaona. Ndimaopa kuti ndiyamba kukhulupirira kuti ndinachitadi."

Kunja dzuwa linali litapendeka, ndipo mkazi wa Nkhono anali pa malo ake a masiku onse, kumapeto kwa khonde, chikwama cha pulasitiki chili pamiyendo. Anali mayi wamng'ono thupi, wogwira ntchito yophika pa sukulu ina, ndipo manja ake anali ndi zipsera za mapoto. Ataona Sajeni anaimirira msanga n'kukonza siketi. Masiku onsewa sanafunsepo za mlandu, ankangoyang'ana nkhope ya Sajeni n'kuwerengapo zimene akanatha.

Lero anafunsa. Anati wamva kuti amuna ake akuwasamutsa mawa, ndipo akufuna kudziwa choti awalongedzere. Kunyumba kuli bulangete lopepuka ndi lina lolemera limene amafunda ana. Ngati ndi za masiku ochepa, lopepukalo likwanira, poti kunja kwayamba kale kutentha, ndipo nyengo yozizira ili kutali.

Sajeni anayang'ana msewu, magalimoto akudutsa, wogulitsa nthochi akuthamangitsa ntchentche ndi kanyuzipepala. Anafuna kunena kuti apitiriza kufufuza, kuti choonadi sichiola, mawu amene anawanenapo kwa anthu ambiri pa khonde lomwelo. Mayiyo ankamuyang'ana molunjika, ndipo sanali munthu woyenera kunamizidwa.

"Bweretsani lolemeralo, mayi," anatero Sajeni.

Mayiyo anagwedeza mutu kamodzi. Anapinda pakamwa pa chikwama chake mosamala, anathokoza, n'kutsika masitepe a khonde kulowera kokwerera basi.